Nsomba ya mu thanki ikayamba kudzikanda pamiyala: mmene mungadziwire kachilombo kake ndi kukagonjetsa

Anzanga amene mumaweta nsomba zokongoletsa m'nyumba kuno ku Lusaka, nyengo yozizira ikafika mu June ndi July ambiri a ife timadzuka m'mawa n'kupeza guppy kapena goldfish ili ndi timadontho toyera ngati wina waiwaza mchere. Ine zinandigwera zaka zitatu zapitazo kwathu ku Chilenje. Ndinagula ma molly anayi pa shopu ina mtauni, ogulitsa anati ali bwinobwino, ndinangofika kunyumba n'kuwathira mu thanki yaikulu tsiku lomwelo. Patapita masiku asanu mwana wanga wamkazi ndi amene anayamba kuona, akuti adadi bwanji nsomba yakuda ija ikudzikhula pamwala ngati mbuzi pa khoma? Nditayang'anitsitsa ndinaona timadontho titatu chabe kumchira. Masabata awiri asanathe ndinali nditataya nsomba seveni, kuphatikizapo clown loach imene ndinakhala nayo zaka ziwiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa zambiri mwa izo sizikanafa ndikanadziwa zimene ndikulemba panozi.

Choyamba khalani pansi, botolo lisiyeni kaye

Munthu akangoona nsomba yafooka amathamangira kukagula kabotolo ka mankhwala abuluu n'kukhuthulira mu thanki asakudziwa n'komwe chimene akulimbana nacho. Mankhwala a nsomba si panado ayi. Amene amapha kachilombo ka pakhungu saikhudza nyongolotsi ya m'mimba, ndipo ena amapha ndi mabakiteriya abwino oyeretsa madzi a mu fyuluta omwe, basi vuto limodzi lasanduka awiri.

Kokani mpando mukhale patsogolo pa thanki mphindi 15, musazipatse chakudya kaye chifukwa nsomba ikaona dzanja lanu imathamangira pamwamba ngati ilibe vuto. Onani mmene ikupumira, makha ake, kuja kofiira kumene timachotsa tikamakonza nsomba ya ndiwo, akutseguka mothamanga kapena mbali imodzi yangotsekeka. Onani zipsepse ngati zatambasuka bwino kapena yazipinda n'kuzimata pathupi. Onani ngati ikudzikanda pamiyala ndi pansi, ngati yadzipatula pakona, ngati ikutola chakudya n'kulavula, ndiponso chimbudzi chake chikutuluka chotani. Usiku zimitsani magetsi onse m'chipindamo muiunike ndi tochi ya foni cha m'mbali, pali zina zimene masana simungazione. Mujambulenso kavidiyo, mawa lake mudzafuna kufananiza kuti timadontho tawonjezeka kapena ayi, mutu umaiwala.

Chachiwiri ndi madzi

Nsomba imene ikupsa ndi ammonia, poizoni wochokera ku chimbudzi cha nsomba, imapuma mothamanga, imapinda zipsepse, imadzikandanso, chimodzimodzi ngati ili ndi tizilombo. Ndiye musananene kuti ndi kachilombo yezani madzi, ammonia ndi poizoni mnzake wotchedwa nitrite ziyenera kukhala pa 0, osati pang'ono, 0. Ngati mulibe zoyezera dzifunseni moona mtima kuti madzi munasintha liti, kodi thanki ndi yatsopano, kodi munatsuka siponji ya fyuluta pampopi, kodi nsomba zachuluka. Kenako chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo muthire atsopano. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, muthire mankhwala ochotsa klorini musanawalowetse. A borehole klorini alibe koma m'mawa wa July akachokera mu thanki ya padenga amazizira zoopsa, mukawathira choncho mwaitana matenda nokha, sakanizani ndi otentha pang'ono mpaka afanane ndi a mu thanki ya nsomba.

Ndinenepo pang'ono za zoyera zimene zimamata pagalasi pamwamba, zofanana ndi za mu ketulo zija. Si matenda ayi, madzi a pansi kuno ku Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu basi. Ma molly, ma guppy ndi mbuna za ku nyanja ya Malawi amawakonda madzi otere.

Chachitatu dziwani malita a thanki yanu, musamangoyerekeza ndi maso. Tengani tepi muyeze mulitali, mulifupi ndi pamene madzi alekezera mu ma sentimita, muchulukitse zitatuzo n'kugawa ndi 1,000. Thanki ya 60 kwa 30 kwa 30 ikadzaza mpaka pakamwa ndi malita 54, koma mukachotsera timiyala ndi kampata ka pamwamba madzi enieni amakhala cha m'ma 48. Lembani nambalayo pakapepala mumate pambali pa thanki, mankhwala onse amayendera nambala imeneyo.

Timadontho toyera ngati mchere

Awa ndiye matenda amene amatisautsa kwambiri, pa mabotolo amalemba white spot kapena ich, dzina lonse la kachilomboko ndi Ichthyophthirius multifiliis. Timadontho take timakhala tozungulira, tofanana kukula, tosapitirira milimita imodzi, timayamba pazipsepse kenako thupi lonse ndi mkati mwa makha momwe. Koma musasokoneze ndi zinthu zina. Goldfish yaimuna ikafuna kuswana, makamaka kukayamba kutentha mu September ndi October, imatuluka timatuza toyera pa zivindikiro za makha ndi kutsogolo kwa zipsepse za pachifuwa pokha, tondandalikana bwino, imeneyo ndi yathanzi isiyeni. Mukangosintha madzi timathovu ta mpweya timamatanso pazipsepse koma timachoka tokha maola ochepa. Ndipo choyera chonga thonje chimenecho ndi fangasi kapena mabakiteriya, mankhwala ake ndi ena.

Manje mvetserani bwino apa chifukwa ndi pamene ine ndinataira nsomba zanga. Kadontho koyera kamene mukuonako si dzira, ndi kachilomboko kali mkati mwa khungu kakudya, ndipo khungu la nsomba lakafunditsa ngati bulangeti. Pamenepo palibe mankhwala amene angakafikire olo mutathira botolo lonse. Kakakhuta kamatuluka n'kugwera pansi pa timiyala kapena pamasamba, kamadzikuta ndi kachikopa n'kuyamba kugawikana mkatimo, kamodzi kokha kamabala ana mazanamazana. Anawo akaboola n'kuyamba kusambira kusakasaka nsomba, apo ndiye pamene mankhwala amawagwira, ndipo akapanda kupeza nsomba tsiku limodzi kapena awiri amafa okha. Ndiye taonani, tsiku limene timadontho tasowa pa nsomba si tsiku limene matenda atha, ndi tsiku limene tizilomboto tatsikira pansi kukaswana. Ine ndinathira mankhwala masiku atatu, ndinaona nsomba zayera bwino, ndinasangalala n'kusiya. Patapita masiku anayi zinali zitakutidwa thupi lonse kuposa poyamba ndipo zinayamba kufa usiku, m'mawa uliwonse ndimavuula imodzi kapena ziwiri mwana wanga asanadzuke.

Kuzungulira konseku kumadalira kutentha kwa madzi. Pa madigiri 25 kumatha pasanathe sabata, koma madzi akazizira kufika 15 kutsika m'munsi kumatenga masabata angapo. N'chifukwa chake amene alibe hita ayenera kuchiza nthawi yaitali kwambiri.

Kachizidwe kake ndi aka. Chizani thanki yonse, osati kuchotsa imodzi imene ili ndi timadontho n'kuganiza kuti zinazo zapulumuka, pansi pa thanki pali kale mbewu. Tsegulani fyuluta muchotse makala akuda aja ngati alimo chifukwa amayamwa mankhwala onse, koma siponji isiyeni ndipo fyuluta isazime. Sinthani gawo limodzi mwa atatu a madzi, pokoka madziwo lowetsani kapaipi mkati mwa timiyala kuti kakoke zinyalala pamodzi ndi tizilombo togona pansi, ndipo muzichita zimenezi tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi musanathire mankhwala ena. Kwezani hita pang'onopang'ono, digiri imodzi m'mawa ina madzulo, mpaka 28 kapena 30 ngati nsomba zanu ndi za madzi ofunda. Goldfish musaikwezere choncho, 24 kapena 25 yakwana. Ndipo onjezerani mpweya, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, nsomba yodwalayo makha ake ndi ovulala kale, ndiye kuno Lusaka ili pamtunda mamita oposa 1,200 kotero madzi athu amayamba ali ndi mpweya wocheperapo kusiyana ndi kumadera otsika.

Kenako musankhe, mchere kapena mankhwala a mu botolo. Mchere umagwira ntchito bwino pa ma molly, ma guppy, ma platy, goldfish ndi ma cichlid ambiri. Yambani ndi galamu imodzi pa lita iliyonse, mawa lake muwonjezere ina, mkuja inanso mpaka magalamu atatu pa lita. Tiyisupuni yosadzaza mulu ndi magalamu asanu kapena sikisi, ndiye thanki ya malita 48 ija ulendo umodzi ikufuna matiyisupuni eyiti kapena naini. Usungunuleni kaye mu jagi, musawaze pamwamba pa nsomba. Wa patebulo amauthira ayodini ndi zina zoti usagwirane, ine ndimakonda wa miyala wopanda zosakaniza kapena wogulitsidwa pa shopu ya nsomba. Kumbukirani kuti mchere suuluka, madzi akaphwera ndi kutentha mungothira madzi okha, koma mukachotsa malita 16 ndi kapaipi mubwezere mchere wa malita 16 okhawo. Zomera zambiri zimafota ndi mchere wochuluka chonchi, ndipo nsomba zopanda mamba enieni, za mtundu wa mlamba ngati corydoras ndiponso ma loach, zimavutika nawo.

Mankhwala a mu botolo a white spot ambiri amakhala ndi malachite green, ena amasakaniza ndi formalin. Werengani kumbuyo kwa botolo mutsate mlingo wa pamenepo, osati wa mnzanu, chifukwa makampani amasiyana mphamvu. Ngati muli ndi ma loach, milamba kapena ma tetra ang'onoang'ono yambani ndi theka la mlingo muzione kaye mmene zikuchitira. Valani magulovu, mankhwalawa amadetsa manja ndi guluu wa m'makona a thanki, ndipo ndi poizoni, aikeni patali ndi ana, nsomba yoti anthu adye sachizira amenewa. Formalin amadya mpweya m'madzi ndiye pampu ya mpweya ikhale ikubwata. Botolo la formalin likakhala ndi zoyera zodikha pansi litayeni, lawonongeka ndipo likhoza kupha nsomba zonse. Methylene blue, abuluu aja amene aliyense ali nawo m'kabati, ine ndimawagwiritsa mu beseni lapadera basi chifukwa mu thanki yaikulu amapha mabakiteriya a fyuluta. Ndipo musasakanize mabotolo awiri atatu tsiku limodzi poganiza kuti limodzi ligwira, nsomba yofooka kale singapirire zimenezo.

Kadontho komaliza kakasowa lembani deti pa kalendala, mupitirize kuchiza sabata ina yathunthu. Ngati mulibe hita ndipo kukuzizira pitirizani masabata awiri kapena kuposa. Mukamaliza tsitsani hita pang'onopang'ono monga munakwezera, musinthe madzi kangapo kuti mchere ndi mankhwala zichepe, kenako mubwezere makala atsopano.

Nanga malaiti akapita

Malangizo ambiri amene timawerenga pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene magetsi awo sazima, ife tonse tikukumbukira 2024 pamene madzi anachepa kudamu la magetsi la Kariba mmene tinkakhalira maola ambirimbiri mumdima. Kukweza madzi kufika 30 kenako hita n'kuzima usiku wonse wa July pamene panja kukutsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo, m'mawa thanki ili pa 20, malaiti abwera yakweranso, kukwera ndi kutsika kumeneko kumafooketsa nsomba kuposa kachilomboko. Ngati kwanuko malaiti akuzima nthawi yaitali ine ndinganene kuti za 30 zisiyeni, ikani hita pa 26 kapena 27 mudalire mchere kapena mankhwala ndipo muchize masiku ochulukirapo. Malaiti akangozima funditsani thanki ndi bulangeti mbali zonse, kumbuyo ndi m'mbali mutha kumata makatoni kapena zoyera zopepuka zimene zimabwera m'bokosi la firiji. Kukazizira kwambiri wiritsani madzi pa mbaula panja, muthire m'botolo la pulasitiki asali owira kwambiri, mutseke bwino muliyandamitse mu thanki. Chimene ndikukupemphani kugula musanagule nsomba ina yatsopano ndi kapampu ka mpweya ka batire kapena kolumikiza ku power bank. Ngati mulibe, tungani madzi a mu thanki ndi kapu muziwathira kuchokera m'mwamba kangapo konse ola lililonse, n'zotopetsa koma nsomba zimapulumuka. Tsiku lopanda malaiti chakudya chichepe kapena musazipatse n'komwe, ndipo mankhwala okhala ndi formalin musathire pamene pampu siikuyenda.

Fumbi lagolide

Mukaunika ndi tochi usiku n'kuona nsomba ikunyezimira ngati yawazidwa fumbi lachikasu kapena ladzimbiri, losalala kwambiri kuposa timadontho ta white spot, amenewo ndi matenda otchedwa velvet. Amakonda ma betta, ma danio ndi tiana ta nsomba, ndipo amapha msanga chifukwa amayamba m'makha musanaone kanthu pakhungu. Kachilombo kake kamapezako mphamvu ku kuwala ngati chomera, ndiye zimitsani getsi la thanki muiphimbe ndi nsalu yakuda masiku angapo uku mukuchiza. Mchere ndi kufunditsa madzi zimathandiza, koma akakula pamafunika mankhwala okhala ndi kopa. Kopa amapha nkhono ndi ma shrimp onse ndipo amatsalira m'timiyala, choncho ndi bwino kuchizira mu thanki ina yopanda kanthu pansi. Lamulo lopitiriza kuchiza zizindikiro zitatha ndi lomwelija.

Ikudzikanda koma palibe chooneka

Apa ndiye povuta. Madzi mwayeza ali bwino, timadontho palibe, koma nsomba ikudzikhula, ikupuma mothamanga, makha atupa kapena mbali imodzi yatsekeka, thupi lachita kotuwa ngati lapakidwa thelele. Kawirikawiri amakhala ma fluke, tinyongolotsi tating'ono kwambiri tokhala ndi tingowe tokolera. Gyrodactylus imakhala pakhungu ndipo imabereka ana amoyo, Dactylogyrus imakhala m'makha ndipo imaikira mazira. Goldfish, koi ndi ma guppy ndiye amagwidwa kwambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amachizira likodzo kwa anthu, mlingo wake ndi mamiligalamu awiri pa lita. Piritsi la anthu limakhala la mamiligalamu 600, ndiye limodzi likukwana malita 300, thanki ya malita 50 ikungofuna gawo limodzi mwa magawo sikisi a piritsilo, mukuona mmene kulili kosavuta kupyoza mlingo. Ngati mungapeze opangidwira nsomba gulani amenewo, apo ayi funsani dokotala wa ziweto. Sasungunuka msanga, aphwanyeni akhale ufa muwakhutchumule m'kabotolo ka madzi musanathire. Mazira safa ndi mankhwala, choncho patapita sabata sinthani madzi mubwerezenso.

Koma khungu lotuwalo lingakhalenso tizilombo tina tosaoneka ndi maso, Costia, Chilodonella kapena Trichodina, ndipo timeneti praziquantel satikhudza, timamva mchere ndi mankhwala a white spot aja. Njira yokhayo yodziwira zenizeni ndi kupala pang'ono thelele la pakhungu n'kuliika pa maikulosikopu. Ngati muli ndi koi zodula kapena nsomba zikungofa motsatizana musamangoyesa mabotolo, pitani kwa dokotala wa ziweto, ndipo kuno tili ndi mwayi kuti sukulu ya madokotala a ziweto ya yunivesite ya UNZA ili pompano pa Great East Road, mutha kukafunsako. Nsomba muitenge yamoyo m'madzi ake omwe, yakufa tizilombo ta pakhungu timaichoka msanga ndipo sapezapo kanthu.

Zooneka ndi maso

Izi zimabwera kwambiri ndi goldfish ndi koi zoleredwa m'madamu a panja. Mukaona kaulusi kotalika sentimita imodzi kapena ziwiri katazika pathupi, pozikapo pali pofiira, kumapeto kwake kuli timatumba tiwiri, ameneyo ndi anchor worm. Dzina likuti nyongolotsi koma ndi wachibale wa nkhanu, ndiye mankhwala a nyongolotsi samugwira. Igwireni nsombayo ndi nsalu yofewa yonyowa, mutenge kopanira kozulira nsidze kaja mugwire kaulusiko pafupi penipeni ndi khungu n'kukoka mosathamanga kuti mutu usatsalire, pabalapo mudonthezepo methylene blue kapena ayodini wa mabala ndi kathonje, asafike m'makha ndi m'maso, muibwezere m'madzi msanga. Nsabwe za nsomba nazo zimaoneka, kambale kaphanthiphanthi kobiriwira ngati theka la sentimita kamene kamayenda pathupi, mukakakhudza kamasuntha. Kachotseni chimodzimodzi. Koma zimene mwachotsazo ndi zazikulu chabe, ana ndi mazira ali m'madzi, ndiye pamafunika mankhwala ngati diflubenzuron ndipo muziyang'ana nsomba zonse kwa mwezi wathunthu.

Za m'mimba

Nsomba ikudya koma ikuwonda, mimba yalowa mkati, ndiye ikaima phee mukuona timaulusi tofiira tikusuzumira kotulukira chimbudzi, ikasuntha timabwerera mkati. Imeneyo ndi nyongolotsi yotchedwa Camallanus, imavuta kwambiri ma guppy ndi ma molly, ndipo pamene mwaiona ndiye kuti yakhalamo kale masabata ambiri ndipo zinzake nazo zili nayo. Musakoke timaulusito, mung'amba matumbo. Mankhwala ake ndi levamisole, mamiligalamu awiri pa lita, muzimitse getsi, pakatha maola 24 musinthe madzi ambiri ndithu uku mukukoka pansi ndi kapaipi chifukwa mankhwalawa amangoziumitsa nyongolotsizo n'kugwa pansi. Mubwereze patapita masabata awiri kapena atatu. Levamisole amapezekanso m'mashopu a mankhwala a ziweto, koma ambiri a mbuzi ndi ng'ombe amakhala osakaniza ndi mankhwala ena amene angaphe nsomba, werengani bwino ndipo ngati pali dzina lachiwiri pa botolo lisiyeni.

Kwa inu a ma oscar, ma discus, ma angel ndi ma cichlid ena, nsomba ikada thupi, kusiya kudya, chimbudzi chili choyera chotalika ngati ulusi woterera, kenako timaenje n'kuyamba pamutu, ganizirani kachilombo ka m'matumbo kotchedwa Hexamita. Chimbudzi choyera cha tsiku limodzi chokha musadandaule nacho, nsomba imene sinadye imatero. Koma zikapitirira mankhwala ndi metronidazole, amene ambiri timawatchula Flagyl, cha m'ma mamiligalamu 200 pa malita 30 aliwonse, kudumphitsa tsiku limodzi, katatu, mukusintha kotala ya madzi musanathire ulendo uliwonse. Ngati ikudyabe ndi bwino kwambiri kunyika chakudya chake m'mankhwalawo kuti akafike m'matumbo momwe muli vuto. Timaenje ta pamutu timayenderanso limodzi ndi madzi akuda ndi chakudya cha mtundu umodzi, mukapanda kukonza zimenezo timabwereranso. Ndipo abale, chizolowezi chopatsa oscar tinsomba tamoyo togwidwa mudamu kapena mumtsinje chisiyeni, ndi njira yachidule yolowetsera nyongolotsi, nsabwe ndi zina zonse ndatchulazi m'nyumba mwanu.

Madzi a mankhwala musathire m'ngalande yopita kumtsinje kapena pa bedi la ndiwo zamasamba, ndipo nsomba yakufa ikwirireni kapena muikulunge muitaye m'bini, yodwala musakaitaye mudamu poganiza kuti mwaichitira chifundo.

Nsomba yatsopano isalowe mu thanki yaikulu tsiku lomwelo

Ine manje nsomba iliyonse yatsopano, olo itachokera kwa mnzanga amene ndimamukhulupirira, imayamba yakhala payokha masabata anayi. Sizifuna ndalama zambiri, bokosi la pulasitiki loonekera mkati la malita 30 kapena 40 longa amagulitsa kumsika wa Kamwala, limene silinagwirepo sopo, kahita kakang'ono, kafyuluta ka siponji kamene ndimakasunga kakuyenda mu thanki yaikulu kuti kakhale ndi mabakiteriya, ndi kachidutswa ka paipi kobisalamo nsomba, pansi popanda timiyala kuti chimbudzi ndizichiona bwino. Pa shopu ndimayang'ana thanki yonse osati nsomba imene ndaikonda yokhayo, mukakhala imodzi yokha ya timadontho kapena yakufa pansi ndimadutsa, ndipo madzi a mu pepala la ku shopu sindithira mwanga. Zomera zatsopano nazo ndimaziika mu ndowa yopanda nsomba masabata awiri chifukwa white spot imakwera pamasamba. Bokosilo lili ndi neti yake, kapaipi kake ndi ndowa yake zimene ndinazimanga tepi yofiira kuti ana asasokoneze, ndipo ndikamaliza nazo ndimazitsuka ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa mpaka ziume gwa. Nsomba ikadwala mkati mwa masabata anayiwo ndimaichiza momwemo, ndipo kuwerenga masiku kumayambiranso pa 1 kuchokera tsiku limene yachira.